Msonkho wa galimoto ukatha ku UK: chindapusa chimakwera bwanji, nanga muchite chiyani?

Alamu anga amagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba ku Leeds, ndiye masana amagona makatani atatseka. Tsiku lina cha m'ma 6 koloko madzulo foni yanga inalira. "Alamu, muli kuti? Tabwerani, galimoto aimanga." Ndinawapeza ali chilili m'mbali mwa msewu, atavala kale yunifolomu, makiyi ali m'manja. Pa tayala lakutsogolo panali chitsulo chachikasu cha ngodya zitatu, unyolo utazungulira kuseri kwa tayala, loko wake wamkulu ngati chibakera. Pagalasi panamatidwa chipepala cha zilembo zikuluzikulu chonena kuti galimotoyo ilibe msonkho. "Komatu alamu, ine sindinalandire kalata ina iliyonse," anatero, mawu akunjenjemera.

Ankanena zoona. Makalata analembedwa ndithu, koma ankagwera pakhomo pa nyumba imene anasamukamo miyezi isanu m'mbuyomo. Posamuka anasintha keyala kubanki, kuchipatala, ngakhale pa laisensi yoyendetsera galimoto. Chimene sanachiganizire ndi log book, chikalata cha boma choonetsa dzina ndi keyala ya munthu amene galimoto inalembetsedwa kwa iye. Ndalama ya msonkho anali nayo, ndipo si munthu wozemba boma. Usiku umenewo anapita kuntchito pa takisi.

Anthu ambiri amene amagwa m'vuto limeneli ali ngati alamu angawa. Chindapusa chimayamba chaching'ono, £40 yokha, kenako n'kumakula, ndipo paliponse pamene chakwerera pamakhala kalata imene sinawerengedwe kapena sinayankhidwe. Ndiye tiyeni tiyende nayo nkhaniyi kuyambira pamene mungadziwire kuti msonkho wanu uli pati, mpaka pamene zinthu zafika kukhoti.

Choyamba, onani tsiku lero lomwe

Lowani pa gov.uk, pa tsamba loonera ngati galimoto ili ndi msonkho, n'kulemba nambala ya galimoto yanu. Safunsa china chilichonse ndipo simulipira. Mudzaona masiku awiri: lothera msonkho ndi lothera MOT, kupimidwa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Alembeni onse awiri pa kalendala ya mufoni, chifukwa, monga tione kutsogoloku, amakokana.

Kale kunali kapepala kozungulira kotchedwa tax disc, kamene kankamatidwa pagalasi lakutsogolo kuyambira mu 1921. Maso ankakaona tsiku ndi tsiku, ndipo mwezi wothera unkalembedwa ndi manambala akuluakulu. Kanathetsedwa pa 1 Okutobala 2014. Chichokereni kapepalako, palibe chokukumbutsani m'galimoto. Amene saiwala ndi kompyuta ya DVLA, ofesi ya boma yosunga kaundula wa galimoto imene ili ku Swansea. Kuyambira mu 2004, munthu amene dzina lake lili pa log book amalipitsidwa chindapusa kungochokera mu kaundulayo, popanda wapolisi kumuimitsa kapena munthu kuiona galimoto ikuyenda. Kuwonjezera apo, m'misewu muli makamera owerenga nambala za galimoto, ena ali pa galimoto zimene zimangozungulira m'makwalala a m'malo okhala anthu.

Msonkho umatha tsiku lomaliza la mwezi. Kukacha pa 1, galimoto ilibe msonkho, basi. Mudzamva anzanu ena akunena kuti pali masiku achisomo, sabata kapena awiri. Musawamvere. Akukumbukira za nthawi ya tax disc, pamene munthu amene walipira kale ankaloledwa kudikira kuti kapepalako kafike pa positi. Kumeneko kunali kudikira pepala, osati kudikira kulipira.

Pali msampha wina umene umakola anthu osamala kwambiri. Galimoto zina msonkho wake ndi £0, monga za anthu olumala zimene zinalembetsedwa m'gulu limenelo, kapena zakale zopitirira zaka 40. Ngakhale palibe cholipira, lamulo likufuna kuti chaka chilichonse mulowe n'kuilembetsa msonkho wa £0 womwewo. Mukapanda kutero, kompyuta imaiona ngati galimoto yopanda msonkho. Dziwaninso kuti kuyambira pa 1 Epulo 2025 galimoto zoyendera magetsi zinayamba kukhoma msonkho, ndipo tigalimoto tating'ono tosatulutsa utsi wambiri, tolembetsedwa pakati pa 2001 ndi 2017, timene kale tinali pa £0, tinakwera kufika pa £20. Amene anazolowera kuti "yanga silipira" ayenera kuonanso.

Mukapeza kuti watha, lipirani musanachite china chilichonse

Mufunika nambala imodzi mwa zitatu izi. Pa kalata yokumbutsa yotchedwa V11 pamakhala nambala ya manambala 16. Ngati kalatayo mulibe, tengani log book, imene dzina lake la kuofesi ndi V5C: ili ndi nambala ya manambala 11, koma ikhale m'dzina lanu. Ngati mwangogula kumene galimoto, kapepala kobiriwira kamene wogulitsa anakupatsani kali ndi nambala ya manambala 12. Ndi imodzi mwa zimenezi mutha kulipira pa gov.uk, pafoni pa 0300 123 4321 usana kapena usiku, kapena ku Post Office imene imachita za msonkho wa galimoto. Si nthambi zonse zimene zimachita, ndiye yambani mwafufuza. Ngati log book inatayika, pemphani ina pa £25.

Pano pali yesero limene ndikufuna tilione bwino. Msonkho umawerengedwa kuyambira pa 1 mwezi umene mwalipirawo. Mukalipira pa 27, mwalipira mwezi wathunthu ngakhale kwatsala masiku atatu okha. Ndiye mtima umanong'oneza kuti, "dikira pa 1, usataye ndalama ya mwezi." Werengani nokha. Msonkho wa galimoto zambiri zolembetsedwa kuyambira Epulo 2017 unali £195 m'chaka cha 2025/26, kutanthauza kuti mwezi umodzi ndi £16 ndi makobiri pang'ono. Kumasula clamp, chitsulo chomangira tayala chija, ndi £100. Masiku atatuwo mukubetcha £100 kuti mupulumutse £16, komanso miyezi imene mwadumpha atha kudzaifuna ndithu.

Chimene chimaimitsa anthu ambiri polipira ndi MOT. Galimoto ikakwana zaka zitatu, kapena zinayi ku Northern Ireland, imayenera kupimidwa chaka chilichonse, ndipo kompyuta sidzakulolani kukhoma msonkho ngati MOT yatha. Apa m'pamene munthu amaona ngati wakodwa: sangayende popanda msonkho, sangalipire msonkho popanda MOT, nanga ku galaja akafika bwanji? Lamulo linasiya mpata umodzi wokha. Mutha kuyendetsa galimoto yopanda msonkho kupita kukapimitsa MOT ngati munapangana kale ndi galaja tsiku ndi nthawi. Imbani foni, alembe nambala ya galimoto yanu m'buku lawo, ndipo ngati angathe akutumizireni uthenga wotsimikiza kuti mukhale ndi choonetsa. Pitani molunjika. Musapatukire kogula zinthu kapena kukatula ana kusukulu, chifukwa mpatawo ndi wa ulendo wa ku galaja wokha. Inshulansi ikhalepo, pakuti pa imeneyo palibe mpata: kuyendetsa popanda inshulansi ndi £300 ndi mapointi 6 pa laisensi, ndipo kukhoti zimaposa pamenepo.

Galimoto ikapambana MOT, zitha kutenga masiku awiri kuti kaundula adziwe. Mukayesa kulipira pa intaneti madzulo omwewo n'kukanidwa, musataye mtima, ndipo musayambe kuyenda poganiza kuti mwayesetsa. Yesaninso m'mawa mwake, kapena tengani satifiketi ya MOT mupite nayo ku Post Office.

Njira yopewera zonsezi ndi yapafupi. MOT mutha kuichita patatsala mwezi umodzi kuchotsapo tsiku limodzi kuti ithe, ndipo tsiku lothera la chaka chamawa silisintha. Simutaya kanthu pofulumira. Ikakanika pa mabuleki kapena matayala, mumakhala ndi milungu yosakira ndalama, galimoto ikadali ndi mapepala ake onse.

Ngati ndalama palibe, kapena galimoto yafa

Zimachitika. Injini yagogoda, makaniko watchula mtengo woti mudikire malipiro a miyezi iwiri. Musangoisiya pamenepo n'kumati poti siikuyenda ndiye kuti ilibe mlandu. Uzani DVLA kuti galimoto mwaichotsa pamsewu. Chidziwitso chimenechi chimatchedwa SORN, chinayamba mu 1998, ndipo n'chaulere. Mukagwiritsa ntchito nambala ya pa log book chimayamba nthawi yomweyo. Mukagwiritsa ntchito ya pa V11 chimayamba pa 1 mwezi wotsatira. Sichifuna kubwereza chaka ndi chaka: chimakhalapo mpaka mutalipiranso msonkho, kugulitsa galimoto kapena kuiphwanyitsa. Ngati panali miyezi yathunthu yotsala pa msonkho wanu, amakubwezerani ndalama yake pa cheke, ndipo chekecho chimapita ku keyala ya pa log book.

Koma mvetsetsani tanthauzo la kuchotsa pamsewu, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa. Galimoto ya SORN iyenera kukhala m'galaja, pabwalo la nyumba yanu, kapena pamalo a munthu amene wakulolani. Msewu wodutsa pakhomo panu ndi wa boma, ngakhale mwakhala mukuimika pamenepo zaka khumi ndipo aneba onse amadziwa kuti ndi malo anu. Ambiri a ife timakhala m'nyumba zogundizana zija, khomo lotulukira mumsewu, popanda bwalo. Ngati ndi choncho, SORN sikuthandizani pokhapokha mutapeza mnzanu kapena wachibale wokhala ndi bwalo, ndipo muisamutsire kumeneko msonkho usanathe. Ukatha, yafunika kunyamulidwa pa lole. Kulembetsa SORN galimoto ili pamsewu n'koipa kuposa kusalembetsa n'komwe, chifukwa zindapusa zake n'zokwera kuposa zinazo.

Makwerero a zindapusa

Kalata yoyamba imachokera mu kompyuta. Ikaona kuti galimoto ilibe msonkho komanso ilibe SORN, imatumiza chindapusa cha £80 kwa mwini dzina la pa log book. Mukalipira mkati mwa masiku 33 chimatsika kufika pa £40. Apa ndi pamene nkhani yonse iyenera kuthera. Mukachedwa, £40 ija yapita, ndipo mukangokhala chete ngongoleyo amaipereka kwa kampani yotolera ngongole. Chinthu chimodzi chimene anthu amaiwala: kulipira chindapusa si kulipira msonkho. Mutapereka £40 kapena £80, muyenerabe kukhoma msonkho, kulembetsa SORN, kapena kudziwitsa DVLA kuti galimotoyo si yanunso. Mukalipira chindapusa chokha, mwangogula kalata yotsatira.

Kalata yachiwiri ndi yolemera. Imabwera galimoto ikaonedwa pamsewu ilibe msonkho, kaya ikuyenda kaya yangoima. Amakupatsani mwayi wothetsa nkhani kunja kwa khoti polipira £30 kuphatikiza ngongole ya msonkho kuchulukitsa kamodzi ndi theka. Tiyerekeze kuti ngongoleyo ndi £60: mulipira £30 ndi £90, yonse £120. Ngati galimoto inali ndi SORN koma yapezeka pamsewu, ngongole amaichulukitsa kawiri, ndiye pa £60 yomweyo mulipira £150.

Mukainyalanyaza imeneyi, nkhani imapita kukhoti la majisitireti, ndipo apa sikhalanso ngongole wamba koma mlandu, pansi pa lamulo la Vehicle Excise and Registration Act la 1994. Chindapusa chitha kufika £1,000 kapena msonkho wa chaka kuchulukitsa kasanu, potengera chimene chili chachikulu. Kwa galimoto ya SORN yogwidwa pamsewu, malirewo ndi £2,500 kapena kasanu komweko. Eni galimoto zodula asamale ndi mawu oti kasanuwo. Galimoto imene mtengo wake ili yatsopano unaposa £40,000 inkalipira £425 yowonjezera pamwamba pa £195 m'chaka cha 2025/26, yonse £620. Kasanu kake ndi £3,100. Ndipo msonkho wowonjezerawu umatsata galimoto, osati amene anaigula yatsopano, moti ngakhale mwaigula yogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo wotsika, umakupezani mpaka zaka zisanu zoulipira zitakwana.

Mlandu wa msonkho suika mapointi pa laisensi, ndipo mwina n'chifukwa chake ena amaupeputsa. Ine sindiupeputsa, makamaka kwa ife amene tikudikira mapepala okhalira m'dziko muno. Mafomu a Home Office, unduna woona za olowa ndi kukhala m'dziko, amafunsa ngati munapezekapo olakwa kukhoti, ndipo milandu ya pamsewu imalowa m'funso limenelo. Chindapusa cholipira kunja kwa khoti si chigamulo cha khoti. Kusiyana kumeneku kokha n'kokwanira kuti munthu akongole ndalama kwa mbale wake n'kulipira kalata yachiwiri ija nthawi isanathe.

Mukaipeza itamangidwa

Musakhudze chitsulocho. Ndikudziwa kuti mtima umawawa, ndipo padzapezeka mnzanu wokhala ndi chodulira zitsulo amene anganene kuti ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kudula clamp ndi mlandu wina pawokha, ndipo nambala ya galimoto yanu ali nayo kale.

Pagalimoto amasiyapo kapepala kotchedwa INF32, kokhala ndi nambala ya foni. Musanaimbe, yambani mwalipira msonkho pafoni yanu pomwepo, ngati MOT ndi inshulansi zili bwino. Chifukwa chake ndi ichi: mukafuna kuti aimasule msonkho musanalipire, amafuna chikole cha £160 pa galimoto wamba kapena njinga yamoto, ndipo pa galimoto zikuluzikulu chimafika £700. Chikolecho amabweza mukaonetsa umboni wa msonkho mkati mwa milungu iwiri, koma ndi ndalama imene yachoka m'thumba pa nthawi yovuta kale. Mukakhala kuti mwalipira msonkho, chotsala ndi £100 yomasulira.

Nthawi ndiyo yofunika kwambiri pano. £100 imeneyi ndi ya mkati mwa maola 24. Akadutsa, galimoto amainyamula kupita nayo kumalo awo osungira, ndipo kuitulutsa kumeneko ndi £200, kuphatikiza £21 pa tsiku lililonse limene yagona. Sabata imodzi yokha ndi £147 pamwamba pa £200. Sasunga mpaka kalekale: pakadutsa masiku 7 mpaka 14 mwini wake osabwera, atha kuigulitsa pa okushoni kapena kuiphwanya. Kwa galimoto yakale ya £800, sabata imodzi yokha imakwana kuti kuiombola kudye pafupifupi theka la mtengo wake. Ngati mwabwera pamene munaimika n'kupeza palibe, imbani 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosakhala zangozi, mufunse ngati yatengedwa.

Alamu anga tinawalipirira msonkho titaima pamsewu pomwepo, mvula ikuwaza pa galasi la foni, ine ndikuwerenga manambala 11 a pa log book mokweza iwo akulemba. Anthu omasula anabwera m'mawa mwake. Koma kulipira clamp sikufafaniza makalata ena aja. Titapita kunyumba yakale kukapempha makalata, mayi amene analowamo anatitulutsira mulu wa maenvelopu ofiirira atawamanga ndi labala. "Pepani, ndimati mwina eni ake adzabwera," anatero. M'katimo munali V11, kalata ya £80 imene masiku ake 33 anali atadutsa kalekale, ndi ina ya otolera ngongole. Pa clamp ndi chindapusa chokha panapita £180, ndalama yotsala pang'ono kukwana msonkho wa chaka chathunthu.

Kodi mungadandaule?

Mungathe, koma pa zifukwa zochepa, ndipo pafunika umboni wa masiku. DVLA imamva dandaulo ngati mungaonetse kuti munali mutalipira kale msonkho, munali mutalembetsa SORN, kapena munali mutawadziwitsa kale kuti galimoto munagulitsa, tsiku la mlandu lisanafike. Imelo yotsimikiza kapena kalata yawo yovomereza ndiyo umboni wake, n'chifukwa chake zoterezi musamafufute kapena kutaya.

Zifukwa zimene anthu ambiri amabwera nazo sizilandiridwa, ndipo analemba poyera: kusamuka osawauza, kutaya mapepala, kusalandira kalata yokumbutsa, kuiwala, kukhala kunja kwa dziko, kapena vuto la kubanki limene linalepheretsa Direct Debit, njira yoti ndalama zizichoka zokha mu akaunti yanu. Zinandiwawa kuwauza alamu anga kuti mawu awo oti sanalandire kalata, ngakhale anali oona, sakanawathandiza. V11 ndi chikumbutso chabe. Udindo wodziwa tsiku uli pa mwini galimoto. Ngati chifukwa chanu chili m'gulu limeneli, musataye masiku 33 aja polemba makalata. Lipirani £40.

Chikabwera chisamani, ku England ndi ku Wales kawirikawiri chimakhala kalata yotchedwa Single Justice Procedure Notice, ndipo imakupatsani masiku 21 oti muyankhe. Yankhani. Muli malo ovomera kapena kukana mlandu, malo ofotokoza zimene zinachitika, ndi fomu yolembapo ndalama zimene mumapeza. Mukapanda kuyankha, majisitireti amagamula inu kulibe, osadziwa kuti mumalandira zingati kapena kuti munali m'chipatala. Ngati Chingerezi cha m'makalata a khoti chikukuvutani, a bungwe la uphungu la Citizens Advice amathandiza kwaulere.

Pogula ndi pogulitsa

Kuyambira mu Okutobala 2014 msonkho sutsagana ndi galimoto ikagulitsidwa. Wogulitsa akakuuzani kuti "ili ndi msonkho mpaka Juni," mawuwo alibe phindu kwa inu. DVLA ikangodziwa kuti galimoto yasintha manja, msonkho wakale umathetsedwa ndipo miyezi yathunthu yotsala imabwezedwa kwa wogulitsayo. Inu mulipire wanu ndi kapepala kobiriwira kaja musanalize injini, muli pakhomo pa wogulitsa pomwepo. N'chimodzimodzi galimoto yopatsidwa ndi mbale, ngakhale mumakhala nyumba imodzi. SORN nayonso sisamukira kwa mwini watsopano.

Ogulitsa, dziwitsani DVLA tsiku lomwelo, pa intaneti, wogula ali pompo. Pakati pathu timakonda kugulitsana galimoto pa chibale, n'kumati za mapepala tidzakonza. Dzina lanu likadali pa log book, chindapusa chilichonse cha galimoto imeneyo chimabwera kwa inu, ndipo chibale chambiri chasokonekera pa envelopu yofiirira.

Direct Debit ndi yabwino, koma musaigonere

Kulipira mwezi ndi mwezi kudzera kubanki kumathandiza amene sangatulutse ndalama ya chaka nthawi imodzi. Mumawonjezera 5 peresenti: pa £195 ija, chaka chonse chimakwana £204.75. Ndalama imachoka tsiku loyamba logwira ntchito m'mwezi, ndipo chaka chikatha msonkho umapitirira wokha.

Koma umapitirira wokha ngati MOT ilipo pa tsiku limenelo ndipo log book ili m'dzina lanu. MOT ikakhala kuti yatha, msonkho umaima, inu mukuyenda mtima uli m'malo poganiza kuti banki ikulipira. Chachiwiri, mu akaunti mukakhala mopanda ndalama pa tsiku lotenga, atha kuyesanso kamodzi mkati mwa masiku anayi ogwira ntchito. Zikakanikanso, Direct Debit imathetsedwa ndipo galimoto imakhala yopanda msonkho. Amakudziwitsani pa imelo, ndiye ngati imelo munapereka ija simuitsegulanso, simudzadziwa. Olipira njira imeneyi salandiranso V11. Amene malipiro awo amabwera pakati pa mwezi, kapena amasinthasintha malinga ndi mashifiti, asiye ndalama ya msonkho mu akaunti mwezi usanathe, ndipo pa 5 mwezi uliwonse aone ngati yachokadi.

Chenjeraninso ndi mauthenga a pafoni onena kuti msonkho wanu wakanika, dinani apa. Akuba amadziwa kuti anthu amaopa zindapusa zimenezi. DVLA sifunsa manambala a kubanki kudzera mu uthenga wa pafoni kapena imelo. Ukakhala uthenga wa pafoni, utumizeni ku 7726, nambala yonenera mauthenga achinyengo, kenako lowani nokha pa gov.uk muone ngati galimoto yanu ili ndi msonkho.

Ulendo wautali, ndi keyala ya pa log book

Ngati mukupita kutali kwa milungu ingapo ndipo msonkho uthera muli konko, konzani musananyamuke. Mutha kulipira kuyambira pa 5 m'mwezi umene msonkho ukuthera. Ngati mukunyamuka tsikulo lisanafike, DVLA imalola kulipiriratu mpaka miyezi iwiri msonkho usanathe, polemba kalata yofotokoza chifukwa chake n'kutumiza pa positi pamodzi ndi log book ndi malipiro. Apo ayi, nyamulani nambala ya pa log book, mudzalipire pa intaneti muli komweko. Maliro sapangana tsiku, ndipo munthu amanyamuka mutu uli pena, galimoto n'kutsala pamsewu mwezi wathunthu. Musiyireni makiyi munthu wodalirika, ndipo mumuuze kuti envelopu iliyonse yochokera ku Swansea aitsegule n'kukujambulirani.

Chomaliza ndi chimene chinagwetsa alamu anga. Laisensi yoyendetsera ndi log book ndi makaundula awiri osiyana, ngakhale onse amasungidwa ndi ofesi imodzi. Kusintha keyala pa chimodzi sikusintha pa chinzake. Ngati mumalipira pa Direct Debit, kumenekonso auzeni padera. Kusasintha keyala pa log book ndi mlandu pawokha, wa chindapusa chofika £1,000. Tulutsani log book yanu usiku uno muwerenge keyala imene ili patsamba loyamba. Ikakhala yakale, kusintha kwake n'kwaulere pa gov.uk: amafuna nambala ya galimoto, manambala 11 aja, ndi postcode yanu. Ngati msonkho watsala pang'ono kutha, yambani mwalipira msonkhowo kenako musinthe keyala, chifukwa nambala ya log book yakale imasiya kugwira ntchito yatsopano ikatuluka. Ya alamu anga tinasintha titakhala patebulo la kukhitchini, mulu wa maenvelopu uja uli pambali, ndipo log book yatsopano inafika pakhomo loyenera sabata isanathe.